Get akukuzunguzani mutu? Yang'anani mawu amene abwera pambuyo pake

Pali mneni mmodzi wa Chingerezi amene amapunthwitsa anthu olo amene anakhoza bwino pa MSCE, nde "get". Vuto lake limabwera mobwerezabwereza chonchi: kusukulu anatiuza kuti get ndi kupeza, basi tinasunga m'mutu, nde tsiku lina abwana akulemberani pa WhatsApp kuti "I'll get back to you" inu n'kumadabwa kuti apeza msana wa ndani, kapena mukuonera filimu wina akudandaula kuti "I got fired", kupeza kwake kuli pati apa poti munthuyo wachotsedwa ntchito. Ndipo simungamuthawe ayi, amene anawerengera mawu a Chingerezi ku Oxford anapeza kuti pa aneni ogwiritsidwa ntchito kwambiri get ali pa nambala 5, patsogolo pake pali be, have, do ndi say basi.

Ambiri akasokonezeka amathamangira dikishonale n'kuyamba kuloweza matanthauzo onse mmodzimmodzi. Musavutike nazo zimenezo, mutopa chabe ndipo mawa mudzakhala mutaiwala. Get ali ngati nsima, payokha siikuuzani kuti mwadya chani, imene imanena ndi ndiwo. Nde mukakumana naye musamuyang'ane iyeyo, yang'anani mawu amene abwera pambuyo pake, kaya ndi dzina la chinthu, kaya ndi mfotokozi, kaya ndi malo, kaya ndi mneni wina. Pafupifupi mavuto onse amene ndalemba m'munsimu amachokera pamenepo.

Mukamanena "you will get me at the office"

Pambuyo pa get pakabwera dzina la chinthu, tanthauzo lake ndi loti chinthucho chafika m'manja mwanu, njira yake ilibe ntchito. "I got a job" ndapeza ntchito, "I got your message" ndalandira uthenga wanu, "I got this phone in Limbe" ndinagula foniyi ku Limbe, "I got malaria" ndinadwala malungo, "go and get a chair" katengeni mpando. Apa ambiri sativuta.

Pamene timagwera ndi poti kupeza kwa Chichewa n'kotambalala kuposa get. Ife timati mundipeza ku ofesi, ndinamupeza akugona, nde timangotembenuza kuti "you will get me at the office", "I got him sleeping". Kupeza munthu kapena chinthu pamalo pamene chili ndi find, nde nenani "you'll find me at the office", "I found him sleeping". Ndipo chenjerani ndi "I will get you", kwa eni chilankhulo amenewa ndi mawu oopseza, ali ngati kunena kuti uona, ndithana nawe. Ngati mukufuna kunena zoti mudzamutenga pa galimoto onjezerani nthawi ndi malo kapena mungoti "I'll pick you up".

Chinanso ndi kumva. Netiweki ikamadukaduka timakonda kukuwa kuti "I'm not getting you", pakati pa ife tokha zimamveka bwinobwino, palibe mlandu, koma ngati mukuyankhula ndi munthu wa ku London pa intavyu ya pa foni iye amva ngati mukuti simukumvetsa mfundo yake osati mawu sakumveka. Mawu akamaduka ndi "I can't hear you". Mfundo ikakuvutani ndi "I don't get it", mukaimvetsa "I get it" kapena "got it". Get wa kumvetsayu sakonda ing, monga mmene understand sakondera ing.

Ndatopa: "I am tired" kapena "I got tired"?

Apa mpofunika kudekha pang'ono chifukwa Chichewa ndi Chingerezi zimasiyana njira. Pambuyo pa get pakabwera mfotokozi monga tired, angry, dark, cold, better, old, tanthauzo lake ndi kusintha, kuchoka mmene zinalili kupita mwina. Ife sitifuna mneni wapadera pa zimenezi, kutopa, kukwiya, kukalamba, kuda, kuzizira, onsewa ndi aneni kale paokha. Ukati ndatopa wanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, zoti kutopako kunabwera komanso zoti panopa uli wotopa. Chingerezi chimazigawa pawiri. Mmene ulili panopa ndi be, kusinthako ndi get.

Nde ngati mukufuna kungonena mmene mukumvera panopa, "I am tired". Ndayamba kutopa, "I'm getting tired". Ndimatopa msanga masiku ano, "I get tired quickly these days". Kunja kukuda, "it's getting dark", kwada kale, "it's dark". Wodwala akupezako bwino, "she's getting better". Mukaona kuti mu Chichewa mungathe kuikapo mawu oti kuyamba kapena pang'onopang'ono, dziwani kuti mukufuna getting.

Nkhani ya ukwati nde imagwetsa anthu pa mafomu ndi pa intavyu ya viza. "We got married in 2019" ndi tsiku limene zinachitika, kamodzi basi. Zaka zimene mwakhala m'banja sizitenga get ayi, munthu sanganene "I got married for five years", amenewo akumveka ngati munagwirizana kuti ukwatiwo ukhala wa zaka zisanu kenako aliyense kwawo. Nenani "I have been married for five years". Komanso ndi "married to", osati "married with", olo kuti ife timati anakwatirana ndi uje. "Married with two children" ndi munthu wapabanja amene ali ndi ana awiri, nde mukaika dzina la akazi anu pamenepo zimamveka zachilendo.

Kuzolowera nako: "get used to" amatsatidwa ndi dzina kapena mneni wa ing. "I'm getting used to the cold", "you will get used to waking up early". Ka to kameneka kamanyenga anthu kuti alembe "get used to wake up", ayi, pamafunika waking. Ndipo musasokoneze ndi "I used to wake up early", ameneyo ndi wina, akutanthauza ndinkadzuka m'mawa kale koma pano ndinasiya.

Za kufika, kukwera ndi kutsika

Pakabwera malo, get ndi kufika, ndipo pamakhala to: "I got to Lilongwe at night", "how do I get to Area 18?" Koma home, here ndi there satenga to. "I got home late", "when you get there". Ameneyu "I got to home" musiyeni. Reach naye satenga to olo pang'ono, "we reached Mzuzu", pamene arrive amafuna in pa mzinda ndi at pa malo ang'ono ngati depoti. Anthu amasakaniza atatuwa n'kutuluka ndi "we reached to" kapena "arrived to", nde ngati mukukayika gwiritsani get to, ndi amene savuta.

Kukwera ndi kutsika, lamulo limene amaphunzitsa ndi loti chimene ungathe kuimirira ndi kuyendamo mkati monga basi, sitima, ndege, ndi get on ndi get off, chimene umalowa mowerama n'kukhala pansi monga galimoto yaing'ono kapena takisi ndi get in ndi get out of. Njinga ya kabaza ndi njinga yamoto umakhala pamwamba nde ndi on ndi off. Minibasi zathuzi zoti anthu anayi pampando umodzi kuimirira n'kosatheka, kaya amene anapanga lamuloli akanaziika mbali iti, koma onse awiri amamveka, palibe angakudzudzuleni. Chimene muyenera kusiya mukakhala kunja ndi "I will drop at the stage" ndi "I want to get down". Drop ndi kugwetsa chinthu kapena dalaivala kutsitsa munthu, "drop me at the corner" ili bwino, koma inuyo eni ake "I'm getting off at the next stop". Get down ndi kutsika mumtengo kapena pa denga, ndipo wina akakuwa "get down!" akuti gonani pansi kukubwera zoopsa.

Apa nde pamene Chichewa chikuthandizeni

Gawo ili ndi limene anthu amaliona ngati lovuta kwambiri koma kwa ife olankhula Chichewa likanayenera kukhala lophweka, chifukwa zimene get amachita apa ife timachita tsiku lililonse ndi timawu tapamapeto pa mneni.

Choyamba, get kutsatidwa ndi mneni wa mtundu wachitatu uja wa pa mndandanda wa steal, stole, stolen. Ameneyu ndi -dwa ndi -ka wathu. Anagwidwa, "he got caught". Foni yabedwa, "the phone got stolen". Kapu yasweka, "the cup got broken". Tinalipidwa mochedwa, "we got paid late". Cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri ndi kuika mtundu woyamba kapena wachiwiri, "it got steal", "it got stole", "he got arrest". Pamafunika wachitatu nthawi zonse, nde ngati mndandanda uja wa aneni osatsata lamulo munauiwala, bwererani mukauonenso, palibe njira yachidule. Ndipo get wameneyu amakonda zinthu zochitika mwadzidzidzi, zambiri zoipa, ngozi, kubedwa, kumangidwa, pena zabwino monga "she got promoted". Pa zinthu zokhalitsa monga kukondedwa kapena kudziwika sagwira, munthu sanena "he gets known by everyone", amati "he is known". Polemba lipoti la kuntchito gwiritsani was ndi were, get wa chonchiyu ndi wa pocheza.

Samalani ndi lost. "I got lost" ndi ndinasochera ineyo. Ndataya foni ndi "I lost my phone". Mukaphatikiza n'kunena "I got lost my phone" palibe chimene mwanena.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndimachikonda, ndi -itsa ndi -etsa. Taganizani kusiyana kwa kusoka ndi kusoketsa, kukonza ndi kukonzetsa, kugaya ndi kugayitsa, kuyeza ndi kuyezetsa. Mayi akati ndikukagayitsa chimanga aliyense akudziwa kuti sakagaya okha, akagaya ndi wa pachigayo. Mu Chingerezi kusiyana kumeneku amakunyamula ndi get, kenako chinthucho, kenako mneni wa mtundu wachitatu. Ndasoketsa diresi, "I got a dress made". Ndakonzetsa galimoto, "I got the car fixed". Ndikukachajitsa foni, "I'm going to get my phone charged". Kasainitseni fomuyi, "get this form signed". Ndikukametetsa, "I'm going to get my hair cut". Mukati "I fixed my car" mwauza anthu kuti munalowa pansi pa galimoto nokha ndi sipanala, nde wina akhoza kukupemphani kuti mumukonzerenso yake.

Dongosolo la mawu apa lisasinthe, chinthucho chikhale pakati. "I got fixed my car" ndi yolakwika, yolondola ndi "I got my car fixed". Have amagwiranso ntchito yomweyi, "I had my car fixed", kungoti ameneyu ndi waulemu pang'ono, woyenera polemba.

Nde pali kena kosangalatsa. Munthu akati "I got my phone stolen" sakutanthauza kuti analemba ganyu mbava kuti imubere, akungodandaula kuti zamuonekera. Ophunzira a zilankhulo zina amavutika napo apa koma ife tili nawo mawu ake enieni, ndabetsa foni. Ndabetsa, -etsa yemwe uja, koma palibe amene anatuma wakubayo. Ndi chimodzimodzi ndendende.

Mukafuna kutchula munthu amene wachita ntchitoyo, kamangidwe kamasintha: get, munthuyo, to, kenako mneni wamba. "I got the mechanic to check the brakes", "she got her brother to pay the fees". Apa to asasowe. Chosokoneza n'choti anzake a get pa ntchito imeneyi, make, let ndi have, iwo satenga to. "He made me wait", "let me go", "I had him call you". Nde anthu amasinthanitsa, amachotsa to pa get n'kukamuika pa make, "he made me to wait", imene mwina ndi imodzi mwa zolakwika zofala kwambiri m'makalata a kwathu kuno. Matanthauzo akenso ndi osiyana, make ndi kukakamiza, let ndi kulola, get ndi kunyengerera kapena kuyesetsa mpaka munthuyo wavomera. Mwana wokana phala, "I finally got him to eat", mukumva kuti panali ntchito.

Got, have got, gotten

"I have got" kapena "I've got" amaoneka ngati nthawi yapita koma ayi, akungotanthauza ndili ndi, panopa. "I've got two children" ndi chimodzimodzi "I have two children". Pofunsa sankhani njira imodzi, "have you got change?" kapena "do you have change?", osaphatikiza kuti "do you have got". Ndipo poyankha tsatirani mmene afunsira, "yes I have" kapena "yes I do". Za kale ndi had yekha, "I had a bicycle", osati "I had got a bicycle". Pambuyo pa did mneni amabwerera pachiyambi, nde ndi "did you get my message?" osati "did you got", komanso "I didn't get it".

Pali awiri ofanana nkhope amene tanthauzo lawo ndi lotalikirana. "I've got to go" ndi ndiyenera kupita, ndilibe kuchitira mwina, ndi amene m'mafilimu a ku America mumamva ngati "gotta". Pamene "I got to see Lake Malawi" wopanda have ndi ndinapeza mwayi woona nyanja. "We didn't get to talk", sitinapeze mpata wocheza. Vuto n'loti poyankhula mothamanga anthu amameza ka 've kaja nde awiriwa amamveka chimodzimodzi, apo muyenera kungoona nkhani yake ngati ili ya panopa kapena ya kale.

Gotten nde amayambanitsa anthu, ena amati ndi Chingerezi chothyoka cha ku America. Sichoncho. Mneniyu analowa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo cha ma Viking, Old Norse, kumene anali geta, cha m'ma 1200, ndipo gotten ndi mtundu wakale umene ku England komweko ankagwiritsa ntchito. Amene anasamukira ku America m'ma 1600 anapita nawo n'kuusunga, a ku Britain anausiya pang'onopang'ono, unangotsalira m'mawu monga forgotten ndi ill-gotten. Ku America amasiyanitsa, "I've gotten a job" ndi ndapeza ntchito, "I've got a job" ndi ndili pa ntchito. Masukulu athu amatsata Chingerezi cha ku Britain nde pa mayeso a MANEB lembani get, got, got, musapatse wochonga chifukwa choti akudulireni malikisi. Pa Facebook lembani mmene mukufunira.

Timawu ting'onoting'ono totsatira get

Get back to, get over, get by, get away with, get rid of, get on with. Awa alibe lamulo loti muwerengere, muyenera kuwatenga ngati mneni watsopano aliyense payekha. Get back to munthu ndi kudzamuyankha nthawi ina. Get over ndi kuchira kapena kuiwala zopweteka, matenda kaya chibwenzi chimene chinatha. Get by ndi kukwanitsa movutikira, ndalama zongokwanira kufika pa malipiro ena. Get away with ndi kulakwa osalangidwa. Get rid of ndi kutaya kapena kuchotsa chimene sukuchifuna. Get on with munthu ndi kugwirizana naye, a ku America amati get along with, koma "get on with your work" ndi pitirizani ntchito musiye kucheza. Musaloweze makumi awiri tsiku limodzi, tengani awiri atatu amene mwawamva sabata imeneyo muwagwiritse ntchito mpaka akhazikike.

Kudzuka kwathu kumagawika pawiri, wake up ndi kutsegula maso tulo tatha, get up ndi kuchoka pabedi. Munthu akhoza kupanga wake up 5 koloko n'kumaseweretsa foni mpaka get up 7 koloko. Ndipo pa get back wa kupezanso chinthu chako, mlowam'malo monga it, them, him amakhala pakati, "I want to get it back", osati "get back it".

Ulemu, makalata ndi katchulidwe

Chichewa chili ndi -ko ndi -ni zofewetsera pempho, mundipatseko madzi, tandithandizeniko. Get alibe zimenezo, nde "get me water" kwa munthu wamkulu kapena kwa wogwira ntchito mu lesitilanti imamveka ngati mukutuma mwana. Yambani ndi "could you get me" ndipo please asasowe. "Get out" ndi kuthamangitsa munthu, si kumupempha kuti atuluke pang'ono, ndipo "get lost" ndi choka apa wamwano weniweni, osayesa kwa abwana olo mukuseka.

M'kalata yofunsira ntchito kapena polemba nkhani ya mayeso, get akachuluka zimaoneka ngati mukucheza pa bawo. Pamenepo m'malo mwake ikani mneni weniweni wa chimene mukunena, received pa kulandira, obtained pa satifiketi, arrived pa kufika, became pa kusintha, bought pa kugula. Koma ena amapitirira nazo muyeso, anamva kuti get ndi wa anthu osaphunzira nde pocheza pomwe amati "I obtained a headache", "where did you acquire those tomatoes". Ayi abale, mutu ndi tomato ndi get basi.

Polemba ndi getting wa ma t awiri, geting kulibe. Potchula nde pali msampha wina chifukwa Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha ndipo timakonda kuika i kumapeto, nde get ndi gate onse amatuluka geti, got ndi goat onse goti. Get ndi e wamfupi ngati wa mu mawu oti pepa, kenako t n'kutseka pakamwa pompo osaonjezera kanthu. Gate amakoka ngati geit, goat amakoka ngati gout, pamene got ndi o wamfupi wodula msanga. Dzijambuleni pa foni mukunena "get the goat out of the gate" ndi "I've got a goat" kenako mumvetsere, ngati got ndi goat akumvekabe ngati mawu amodzi fupikitsani woyambayo mubwerezenso.